Ndinauza Mlamu Wanga wa Inshuwaransi Kuti Ndimangosoka

Aphungu,

Ndimawerenga tsamba lanu kawirikawiri, ndipo ndimaona kuti ambiri amakulemberani za chikondi ndi za apongozi. Yangayi ndi ya inshuwaransi ya nyumba. Musaiponye pambali, chifukwa nayonso muli chibale, ndipo chibalecho ndi chimene chandimanga manja.

Ndine mayi wapabanja, wa ana atatu. Amuna anga amayendetsa galimoto yonyamula katundu, ndiye masiku ambiri pakhomo pamakhala ine ndi ana. Nyumba tikukhalayi ndi yathu. Tinaimanga pang'onopang'ono, chaka chino chipinda, chaka chinacho khonde. Amuna anga anagula malo, njerwa ndi simenti. Malata, zitseko ndi mawindo zinachokera ku kantchito kanga kosoka. Ndimasokera pakhomo pomwepo, m'kachipinda kakumbuyo komwe poyamba tinkati kadzakhala ka alendo, koma alendo ake anakhala makina. Muli timakina tanga tiwiri ta magetsi, ena amodzi a ovaloko omalizira m'mphepete mwa nsalu, tebulo lodulirapo, simbi, ndi shelefu yomwe ndimaikapo nsalu za anthu, iliyonse ndi kapepala ka dzina la mwini wake kobaya ndi phini.

Amuna anga ali ndi mng'ono wawo amene amagulitsa inshuwaransi. Ndi munthu wansangala, wotchena, ndipo akalowa m'nyumba simukhalanso zii. Ana anga anamupatsa dzina loti a Zilimo, chifukwa chilichonse ungamufunse za inshuwaransi yake yankho limakhala lomwelo. Moto? "Zilimo." Akuba? "Zilimo." Mwana wanga wamng'ono anamufunsa tsiku lina ngati mphaka wathu alimo, iye anati, "Alimo, ndi mchira womwe." Dzinalo analilandira ndi manja awiri, moti masiku ano akamagogoda amadzitchula yekha.

Titamaliza kumanga, mlamu wangayu anabwera ndi mapepala ake. Tinakhala pabalaza, amuna anga ali pomwepo. Iye ankawerenga mafunso mwachangu n'kumachonga yekha, ife tikungovomera. Makoma ndi a njerwa zowotcha? Eya. Denga ndi la malata? Eya. Mawindo ali ndi zitsulo? Eya. Kenako anati, "Alamu, pakhomo pano mumachitirapo bizinesi?"

Ndinaseka. Ndinati, "Bizinesi yanji alamu, ine ndimangosokasoka kuti mchere usasowe." Ndi mmene ndimayankhira aliyense wondifunsa za ntchito yanga. Iye anasekanso nati, "Basi, tilemba kuti ayi." Ndinasaina, amuna anga anasaina. Atatseka chikwama chake tinalowa naye m'kachipinda komweko kuti ndimuyeze jekete yomwe ankafuna kuvala ku msonkhano wa kuntchito kwawo. Anakhala pampando wa pamakina, miyendo atasanjikiza, akundiuza kuti mapewa ndisathinitse.

Papita zaka zingapo tikulipira osaphonya. Chaka chikatha iye amabwera ndi pepala latsopano, ife timasaina, timamwa tiyi, iye amatenga buluku lake lomwe ndamupindira, n'kumapita. Mumtima ndinali ndi mtendere woti nyumba yathu ili m'manja abwino.

Mwezi watha, masana ndithu, ndinali ndi ntchito yambiri: mayunifolomu a kusukulu ndi diresi la mkwatibwi. Makina onse anali oyatsa, simbi ikutentha, ndipo zonsezo zinali zolumikizidwa ku chingwe chimodzi cha masoketi ambiri chomwe chimakhala pansi pa tebulo. Mayi wina anagogoda pageti, ndinatuluka kukalandira nsalu. Tinacheza pang'ono, monga mudziwa. Pobwerera ndinamva fungo la pulasitiki. Ndinapeza katani ikuyaka, moto ukukwera kusiling'i. Ndinathamangira kukazimitsa magetsi a nyumba yonse, ndinaviika bulangeti m'madzi, ndipo ndi mayi uja wa pageti tinauzimitsa. Palibe anavulala. Katani inatha, siling'i inada n'kuboweka pakona, makina amodzi anapsa mota, ndipo nsalu za anthu awiri zinapsa, kuphatikizapo ya mkwatibwi. Wamagetsi atabwera ananena kuti chingwe chija ndinachisenzetsa katundu woposa msinkhu wake.

Moto utazima ndinaimbira mlamu. Anabwera tsiku lomwelo. Anaima pakhomo la kachipindako, anayang'ana siling'i, anayang'ana makina, anayang'ana shelefu. Ndinkadikira mawu ake aja oti "Zilimo", koma sanatuluke. 

Kenako anatseka chitseko nati, "Alamu, tisanawauze a ku ofesi, makinawa muwasamutsire kwa aneba. Shelefuyi muchotse, tebulonso lituluke. Muikemo bedi. Akabwera munene kuti ndi chipinda cha alendo, mumasitiramo malaya a achimwene."

Ndinamufunsa chifukwa chake. Anati, "Papepala tinalemba kuti pakhomo pano palibe bizinesi. Akaona makina atatu anena kuti munabisa, ndipo sakupatsani kanthu."

Ndinati, "Ndinabisa ine? Buluku mwavalalo linasokedwa kuti?"

Iye anati, "Musakweze mawu alamu, ine ndikukuthandizani. Ndikanalemba kuti eya mtengo ukanakwera, inu mukanakana, mukanakhala opanda inshuwaransi n'komwe. Aliyense amatero."

Aphungu, ndinakwiya, ndipo ndikadali wokwiya. Makina sindinasunthe, koma ku kampaninso sindinapite. Nsalu za eni ake ndinagula zina ndi ndalama zanga, diresi ndinasokera pa makina otsalawo, mkwatibwi anavala bwinobwino. Amuna anga atabwera ku ulendo ndinawafotokozera zonse. Iwo anati, "Mayi, ndi katani chabe ndi kasiling'i. Tikonza tokha. Mukapita ku kampani ndi nkhani imeneyi mwanayu amuchotsa ntchito, ndiye mayi athu tikawauza chiyani?" Mayi awo amadalira kwambiri mlamu wangayu, zimenezo n'zoona.

Koma ine sindikulira katani. Ndikakhala pamakina ndimangoyang'ana bowo lija la pasiling'i. Pamwamba pake pali matabwa a denga, ndipo matabwawo amadutsa pamwamba pa chipinda cha ana mpaka kubalaza. Ndikanachedwa pageti pang'ono pokha, bwenzi tikunena za nyumba yonse. Ndiye zaka zonsezi takhala tikulipira chiyani?

Nthawi yosainanso yayandikira, ndiye ndinati ndifunseko mitengo kwina. Apa m'pamene mutu wanga wazungulira.

Ndinayamba ndi ku banki komwe ndimasungitsa ndalama. Anandilumikiza pafoni ndi mwamuna wina woyankhula mwaulemu koma mothamanga. Mtengo wake unali wapakatikati, azidula okha mwezi ndi mwezi. Nditamufunsa za makina anati, "Zimenezo timaziona pambuyo amayi, chofunika n'kulowa kaye." Asanandiyankhe bwino anali atayamba kale kundiuza kuti ndikawonjezera pang'ono andiikiramonso inshuwaransi ya maliro ndi ya foni.

Kampani yachiwiri inatumiza mayi wina kunyumba. Ameneyu ananditopetsa ndi mafunso. Anazungulira nyumba yonse, anayeza, anasuzumira pansi pa tebulo, anafunsa kuti mawaya anaika ndani. Anandifunsa kuti nyumbayi itagwa lero tingaimangenso ndi ndalama zingati, ine ndinamuuza mtengo womwe aneba anagulitsira yawo, iye anati funso lake si limenelo. Analoza shelefu nafunsa kuti nsaluzo n'za ndani. Ananena kuti nyumba payokha, katundu wa m'nyumba payekha, zida za ntchito ndi nsalu za anthu pazokhanso, ndipo anafuna kuti ndiike masoketi apakhoma ndi kugula chozimitsira moto. Mtengo wake utabwera unali pafupifupi kuwirikiza kawiri womwe timalipira kwa mlamu.

Mlamu naye wamva kuti ndikufunsa kwina. Wabwera ndi pepala latsopano la mtengo wotsika kuposa wa chaka chatha, akuti wandimenyera nkhondo kwa abwana ake. Funso la bizinesi lija ndinaliona, analichongeratu pa "ayi".

Amuna anga akuti tisaine kwa m'bale wathu, n'kotchipa ndipo ndalama ikhala m'banja. Akuti mayi wa mafunso uja akungondiopseza kuti komishoni yake inenepe. Nanenso nthawi zina ndimaganiza choncho, poti amene anandinamiza ndi wachibale, nanga mlendo angandimvere chisoni chifukwa chiyani? Mapepala atatuwa ndawayala patebulo lodulirapo, koma lililonse lili ndi mawu akeake, ndipo chomwe ndikutha kuyerekeza ndi nambala ya pansi yokha.

Ndithandizeni. Kodi ndisamutse makina monga akunenera mlamu, kapena ndingokhala chete monga akunenera amuna anga? Papepala paja ananama ndani, ine kapena iye? Ndipo munthu wongosoka ngati ine angadziwe bwanji inshuwaransi yeniyeni pakati pa zitatuzi, popanda kuphwanya banja?

Ine wothedwa nzeru,
E.N.

Mayi E.N.,

Makinawo asasunthe. Tiyambire pamenepo, chifukwa zina zonse mungathe kuzikonza pambuyo, koma ichi mukachichita simudzachibweza. Kuika bedi m'chipinda chosokera kuti kampani ikulipireni ndi chinyengo, ndipo siginecha ya pa pepala lopempha ndalamalo idzakhala yanu, osati ya mlamu wanu. Musaganizenso kuti anthu omwe makampani amatuma kudzaona pomwe papsa ndi ana. Chipinda chomwe mwasokeramo zaka zonsezi chili ndi ulusi m'ming'alu ndi maphini m'makona, ndipo msewu wonse ukudziwa komwe umasoketsa mayunifolomu. Wofufuzayo akangofunsa pageti loyandikana nalo kuti telala amakhala pati, adzamulozera kwanu mosangalala.

Kukhala chete nakonso si njira. Mapangano ambiri a inshuwaransi amafuna kuti ngozi muinene msanga, ndipo inu mwachedwa kale. Lembani kalata yaifupi yopita ku kampaniyo, ku ofesi kwenikweni, osadzera mwa mlamu. Nenani tsiku la moto, chomwe chinapsa, ndi zomwe wamagetsi anapeza. Nenaninso kuti m'chipindamo mumasokeramo zovala za anthu, kuti funso la bizinesi munafunsidwa ndi ejenti wawo, munayankha motani, ndipo iye analemba chiyani. Jambulani chipindacho ndi foni musanakonze siling'i, ndipo kalatayo musunge yanu. Sindikulonjezani kuti akulipirani. Akhoza kukana, akhoza kulipira mbali, akhozanso kuthetsa panganolo. Koma ndi bwino kuti mumve yankho lawo lero pa katani ndi mota, kusiyana n'kudzalimva mutaima paphulusa.

Mwafunsa kuti ananama ndani. Mlandu waukulu ndi wa mlamu wanu. Inu munayankha mwa chizolowezi, iye anachonga akudziwa. Ntchito yake ndi kudziwa tanthauzo la funso lija ndi kukufotokozerani, ndipo munthu amene wakhala pampando wa pamakina akuyezedwa mapewa sanganene kuti sanaone bizinesi. Anaona kuti akalemba zoona mtengo ukwera ndipo malonda akhoza kumuphonya, ndiye anakugulitsani pepala lotchipa lomwe silikugwirizana ndi nyumba yanu. Mwina mumtima mwake ankatidi akukuthandizani, anthu otere alipo ambiri. Koma kubweranso ndi pepala lochongeratu pa "ayi" moto utachitika kale, pamenepo palibenso chodzikhululukira. Mbali yanu ndi yaing'ono koma ilipo: munasaina chaka ndi chaka osawerenga, chifukwa wobweretsa pepala anali woseketsa ndipo tiyi anali pamoto.

Tsopano za mapepala atatu ali patebulo lanuwo. Inu ndinu telala, ndiye mukudziwa kale zimene zikuchitika. Kasitomala akazungulira matelala atatu kufunsa mtengo wa diresi, wina amamutchulira mtengo wopanda laining'i ya mkati ndi zipi, wina wa zonse. Kasitomalayo amathamangira wotchipa, n'kudzadabwa tsiku lotenga. Mitengo yanu itatuyo si ya diresi limodzi, ndiye kuyang'ana nambala ya pansi sikungakuuzeni kanthu.

Chitani chonchi. Tengani pepala lanulanu mulembe nyumba yanu mmene ilili: zipinda, makoma, denga, katundu wamkuluwamkulu wa m'nyumba, makina atatu ndi mitengo yake, nsalu za anthu zomwe zimakhala pashelefu nthawi ya ntchito yambiri, kuti makasitomala amalowa pakhomo, ndi kuti mwezi watha munabuka moto. Motowo musaubise kwa aliyense wa iwo. Pepala limodzimodzilo mupereke kwa onse atatu, muwauze kuti akupatseni mtengo wa zimenezo ndendende, wolembedwa. Pokhapo m'pamene mitengo ingayerekezeke.

Mayi wa mafunso uja sanalakwe pokukanirani mtengo wa nyumba ya aneba. Mtengo wogulitsira umaphatikiza malo, ndipo malo sapsa. Chomwe inshuwaransi imafuna ndi ndalama zomangiranso nyumbayo pa mitengo ya simenti, matabwa ndi amisiri ya lero. Funsani mmisiri womanga akuwerengereni. Ndikhulupirira kuti nambala ya papepala la mlamu ndi yomwe ija ya chaka chomwe munamaliza kumanga, ndipo n'kutheka kuti kutchipa kwake kwina kukuchokera pamenepo. Mukalembetsa nyumba pa mtengo wochepa, makampani ambiri amakulipiraninso mochepa ngakhale papse chipinda chimodzi chokha: munalembetsa theka, amakupatsani theka.

Aliyense wa atatuwo mumufunsenso izi, ndipo musachite manyazi kubwereza. Ngozi ikachitika, ndi ndalama zingati zoyambirira zomwe mumalipira nokha kampani isanaikepo zake? Mtengo wotsika nthawi zambiri umabisala pamenepa. Makina akapsa, adzakupatsani ndalama zogulira atsopano, kapena adzachotsera zaka zomwe agwira ntchito? Moto woyamba ndi magetsi ulimo? Madzi a paipi yophulika kapena a mvula yolowa padenga? Akuba akalowa osathyola chitseko? Nsalu za anthu zikapsa kapena kubedwa? Kasitomala akaterereka pakhonde panu n'kuthyoka mkono? Pomaliza muwapemphe tsamba la zinthu zomwe salipira. Tsamba limenelo ndi lomwe ogulitsa sakonda kutsegula, ndipo ndi lomwe muyenera kuyamba kuwerenga, ndi mwana wanu wamkulu pambali ngati chizungu chake chikuvuta.

Ana anu anatchula bwino dzina la bambo awo aang'ono, koma a Zilimo sali m'banja mwanu mokha, ali m'makampani onse. Mankhwala ake ndi funso lalifupi. Munthu akati "zilimo", inu muziti, "Zili pati?" Akuonetseni tsamba ndi mzere. Chomwe sichinalembedwe mulibe, ngakhale wonenayo atalumbira.

Wa ku banki uja wakuuzani kale zambiri osadziwa. Munthu wonena kuti za makina mudzaziona pambuyo akukugulitsani vuto lomwe muli nalo kale, kungosintha chikwama. Mupatseni pepala lanu lija. Akayankha molemba, muyerekezeni ndi anzake. Akayambanso za maliro ndi za foni, mumuuze kuti inu mukufuna za nyumba basi.

Za mayi wa mafunso, amuna anu akunena zoona pa chinthu chimodzi: nayenso amadya komishoni. Onse atatu amadya. Kusiyana kwake n'kwakuti iye yekha ndi amene anasuzumira pansi pa tebulo. Wogulitsa amene amakutopetsani ndi mafunso musanalipire nthawi zambiri ndi amene kampani yake sidzakhala ndi mafunso ambiri tsiku lolipira iyo. Komabe musamukhulupirire chifukwa cha nkhope. Mufunseni chiphaso chake chogulitsira inshuwaransi, ndipo mumuuze augawe mtengowo: nyumba zingati, katundu zingati, makina zingati, nsalu za anthu zingati. Mukaona chomwe simukuchifuna, chichotseni. Mufunsenso kuti mtengo ungatsike bwanji mukavomera kulipira nokha gawo loyambirira lokulirapo, kapena mukaika masoketi ndi chozimitsira moto zija. Zimenezo muike ndithu sabata ino, kaya musaina kwa ndani. Chingwe cha pansi pa tebulo chija chipite kudzala.

Mlamu wanu musamutsekere kunja. Mupatseni pepala lomwelo, mumuuze abweretse mtengo wa kampani yake funso lija litachongedwa pa "eya". N'kutheka kuti kampaniyo ili nayo inshuwaransi ya anthu ogwirira ntchito pakhomo, iye ankangoopa kuitchula. Ndikuganiza kuti mtengo wake woona ukabwera udzakhala pafupi ndi wa mayi uja, ndipo mudzaona kuti kuwirikiza kawiri komwe kwakuopsaniko si kudula kwa mayiyo koma ndi mtengo weniweni wa nyumba yokhala ndi makina atatu. Ngati ndalamazo zikulemera, kumbukirani kuti mbali ya makina ndi nsalu ndi ndalama ya bizinesi, ngati ulusi ndi magetsi. Iloweni m'mitengo yanu yosokera pang'onopang'ono.

Kalata ya ku kampani ija musaitumize mobisa. Muitaneni mlamu, amuna anu ali pomwepo, pabalaza pomwe munasainira. Muuzeni modekha kuti makina sasuntha, kuti mukulemba zoona, ndipo kuti mukumuuza iye poyamba kuti akhale ndi mpata wokafotokoza yekha kwa abwana ake. Ejenti wopita yekha kukanena kuti analemba molakwika amakhala pabwino kuposa wogwidwa. Simukupita kukamuneneza, mukupita kukakonza pepala la nyumba yanu. Kampani ikakana kulipira ndipo inu mukaona kuti munagulitsidwa chinthu cholakwika, muli ndi ufulu wodandaula kwa iyo molemba, ndipo ikapanda kukumverani, ku bungwe loyang'anira makampani a inshuwaransi. Kufika kumeneko kapena ayi mudzasankha nokha. Koma mumufunse mlamuyo kuti mwa makasitomala ake ndi angati ena omwe amaluka tsitsi, kuphika zogulitsa kapena kukonza mafoni m'nyumba zomwe iye anachonga "ayi". Mawu ake aja oti aliyense amatero andidetsa nkhawa.

Amuna anu ndi munthu wabwino amene akuteteza mng'ono wawo, koma akumuteteza ndi denga lomwe ana awo amagona pansi pake. Musakangane nawo pabalaza. Atengereni m'chipinda chosokera, muwaimike pansi pa bowo lija, muwaonetse komwe matabwa alowera. Kenako muwafunse kuti nyumba ikanapsa yonse, kampani n'kukana, iwo ndi mng'ono wawo akanayang'anana bwanji moyo wawo wonse. Chomwe chingaphwanye banjali si kalata yanu ya katani.

Samalani ndi chinthu chimodzi posintha. Musasiye inshuwaransi yakale, ngakhale ili yoboweka, musanalandire chikalata cha yatsopano chosonyeza tsiku lomwe yayamba. Ndipo musasaine pepala lomwe wina wakuchongerani. Cholembera chikhale m'manja mwanu, funso lililonse muliwerenge, ngakhale tiyi azizire.

Ndatsala ndi nkhani imodzi, ndipo ndi yomwe inayambitsa zonsezi. Bwererani muwerenge kalata yanu. Ntchito yomwe inagula malata, zitseko ndi mawindo mwaitchula kuti "kantchito". Chipinda chokhala ndi makina atatu ndi "kachipinda", makinawo ndi "timakina", ndipo pomaliza penipeni, mutafotokoza za mayunifolomu ndi diresi la mkwatibwi, mwadzitchula kuti "munthu wongosoka". Ndikudziwa komwe zimachokera. Tinaleredwa kuti munthu sadzitama, ndiye wogulitsa amati akungoyesa, womanga amati akungogwiragwira, telala amati amangosokasoka. Pocheza ndi aneba ndi ulemu wabwino. Koma pepala la inshuwaransi silidziwa ulemu. Lili ndi mabokosi awiri okha, ndipo kudzichepetsa kwanu kunagwera m'bokosi la "ayi". Mlamu wanu anangotola mawu omwe munamupatsa.

Ndiye wina akadzakhalanso pabalaza panu ndi cholembera n'kufunsa ngati pakhomopo mumachitirapo bizinesi, musaseke. Nenani kuti eya, ndimasoka, ndipo mumutengere kukaona makina. Malata ali pamwamba panuwo anagulidwa ndi singano, ndipo msewu wonse ukudziwa. Isakhale kampani yokha yomwe mukuilipira kuti iwateteze imene sikudziwa.

Aphungu